Kutentha kwa makala kumachokera kuti? Tiunike nkhani ya enthalpy

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Dedza, zinthu ziwiri zimakumana m'nyumba imodzi. Mbaula imachoka pakhonde n'kulowa pabalaza chifukwa chisanu chochokera kuphiri sichinyengerera munthu, ndipo pambali pa mbaulayo pamakhala mwana wa Fomu 4 ali kalikiliki ndi kope la kemisitiri, mayeso a MANEB atayandikira. M'kopemo mwalembedwa kuti makala akamayaka, ΔH = −394 kJ. Funso limene limabwera chaka ndi chaka ndi lomweli: moto ukutipatsa kutentha, manja akufunda, nanga chizindikiro chochotsera chikudzatani kutsogolo kwa nambalayo? Ambiri amangoloweza kuti "chikatentha ika mainasi" n'kupitirira. Kulowezako kungakhozetse funso limodzi pamayeso, koma kumabisa nkhani imene imafotokozanso chifukwa chake nkhuni zaziwisi zimavuta pophika, chifukwa chake mtengo wa feteleza umatsata mtengo wa gasi wa kunja, ndiponso mmene mbaula yomweyo imaphera banja lonse m'tulo.

## Chimene chikuyezedwa n'chiyani?

Chinthu chilichonse, kaya ndi khala, madzi, ufa kapena mpweya, n'chopangidwa ndi tizidutswa tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo maatomuwa amakhala ogwirana. Kugwirana kwa atomu ndi inzake akatswiri amakutcha bondi. Khala likamapsa, maatomu ake satha ndipo palibe ena amene amabadwa. Amangotayana ndi anzawo akale n'kugwirana ndi atsopano, kaboni wa m'khala n'kulumikizana ndi okosijeni wa mumpweya. Kusandulika kotereku ndi kumene m'kalasi amati reaction. Mphamvu nayo siitha ndipo siichokera kopanda kanthu: imangochoka apa n'kupita apo.

Enthalpy, imene amailemba ndi chilembo H, ndi mlingo wa mphamvu imene zinthu zili nayo zikakhala pamtetete, mpweya wa dziko ukuzipanikiza monga umapanikizira china chilichonse. Za pamtetetezi n'zofunika. Moto ukamatulutsa mpweya watsopano, mpweyawo uyenera kukankha unzake wozungulira kuti upeze malo, ndipo kukankhako kumadya mphamvu pang'ono. Enthalpy inakonzedwa moti imawerengera kale zimenezi. Choncho kutentha kumene mungayeze pa mbaula, mumphika wosamata kapena m'kapu ya mu labu kumafanana ndendende ndi kusintha kwa enthalpy.

Palibe amene angayeze H yonse ya chinthu. Chimene chimayezedwa ndi kusiyana pakati pa poyambira ndi pothera, ndipo kachizindikiro ka ngodya zitatu kaja, Δ, kamangotanthauza kusiyanako. Taganizirani munthu wochoka pa boma la Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kupita ku Golomoti. Akafika amakhala atatsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo tikachotsa poyambira pa pothera, yankho limakhala ndi mainasi. Makala ndi okosijeni ali ku Dedza, mpweya wotuluka pamoto uli ku Golomoti. Buku limalemba nambalayo litaima kumbali ya makala, osati kumbali ya wowotha. Makala ndi mpweya ataya 394, ife tatola 394. Nkhani ya mainasi yathera pomwepa.

Kusandulika kotsetsereka, kotulutsa kutentha, kumatchedwa exothermic. Kokwera mtunda, komeza kutentha kwa zinthu zozungulira, ndi endothermic, ndipo ΔH yake imakhala ndi chizindikiro chophatikiza.

Mlingo wake ndi julu, dzina lochokera kwa James Prescott Joule wa ku Salford pafupi ndi Manchester, amene m'zaka za m'ma 1840 anaonetsa kuti kutakasa madzi kumawatenthetsa molingana ndi ntchito yagwiridwayo. Majulu 1,000 ndi kilojulu imodzi, kJ. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika makilojulu 4.18. Apa m'pofunika kusiyanitsa madigiri ndi makilojulu. Mbaliwali yothetheka pamoto ili ndi madigiri mazanamazana, koma ikagwera pamkono imangolasa pang'ono n'kuzima, pamene ndowa ya madzi osamba a madigiri 40 okha yasunga makilojulu ochuluka kwambiri kuposa mbaliwaliyo. Ndipo 394 uja si wa thumba la makala. Ndi wa magalamu 12 okha a kaboni weniweni, mulu umene m'kemisitiri amautcha mole imodzi.

Oyamba kuyeza zimenezi mwadongosolo anali Antoine Lavoisier ndi Pierre-Simon Laplace ku Paris m'zaka za m'ma 1780. Ankaika chinthu chotentha m'chiwiya chozunguliridwa ndi ayezi n'kuyeza madzi amene asungunuka. Anaikamo makala oyaka, kenako anaikamo mbira yamoyo, yomweyi timaweta m'makhitchinimu, ndipo anapeza kuti kupuma kwa nyama ndi kuyaka ndithu, kungoti n'kwapang'onopang'ono.

## Kumasula kumadya, kumanga ndiye kumapereka

Pali maganizo amene afala ngakhale mwa ophunzira anzeru, akuti mphamvu imakhala itatsekeredwa m'kati mwa bondi ndipo bondiyo ikathyoka mphamvu imatuluka. Zoona zake n'zosemphana ndi zimenezi. Kulekanitsa maatomu ogwirana nthawi zonse kumafuna mphamvu. Kutentha kumatuluka pamene maatomu akugwirana mwatsopano. Moto umatifunditsa chifukwa mabondi atsopano a mu kaboni dayokisaidi ndi m'madzi ndi olimba kuposa akale amene amasulidwa.

Tiyeni titenge methane, gasi uja amatuluka m'ndowe za ng'ombe zikamaolera m'thanki yotseka, amene ena amaphikira. Kadutswa kake kalikonse kali ndi atomu imodzi ya kaboni ndi anayi a haidirojeni. Kuti magalamu 16 a gasiyu, omwe ndi mole imodzi, apse, pa kadutswa kalikonse pamasulidwa mabondi anayi a kaboni ndi haidirojeni, iliyonse ya makilojulu pafupifupi 413 pa mole, ndi mabondi awiri a okosijeni a 498 iliyonse. Zonse pamodzi ndi 2,648 zolowa. Kenako pamangidwa mabondi awiri a kaboni ndi okosijeni a 805 iliyonse, ndi anayi a okosijeni ndi haidirojeni a 464 iliyonse, zomwe zikukwana 3,466 zotuluka. Kusiyana kwake ndi 818, ndipo ndi kumeneko kumafika pamphika.

Mukatsegula buku lina mupeza 802, lina 890, musadabwe. Manambala a mabondi ndi apakatikati, otengedwa m'zinthu zambiri zosiyanasiyana, choncho yankho lake limangoyandikira. Nambala ya 802 ndi yoyezedwa pamene madzi opangidwawo athawa ali nthunzi, ndipo 890 ndi pamene nthunziyo yazizira n'kubwerera kukhala madzi, n'kubweza kutentha kumene inanyamula.

## Nanga bwanji thumba la makala silidziyatsa lokha?

Chifukwa kumasula kumayamba, kumanga kumabwera pambuyo. Ngakhale ulendo wa ku Golomoti uli ndi zitunda zake musanafike pamtsetse weniweni. Chitunda choyambachi amachitcha activation energy, ndipo ntchito ya machesi, udzu wouma ndi kukupiza ndiyo kukweza maatomu oyamba pachitundapo. Akangodutsa, kutentha kumene atulutsa kumakweza anzawo, motero moto umadzipitiriza wokha.

Pali zinthu zimene zimafupikitsa chitundacho popanda izo kutha, zotchedwa catalyst. Thupi lathu lili ndi zake, maenzaimu, n'chifukwa chake limawotcha shuga wochokera mu nsima pa madigiri 37 okha popanda lawi. Koma catalyst siisintha ΔH ngakhale pang'ono. Poyambira ndi pothera pamakhala pomwepo.

## Lamulo la Hess, ndi mpweya wakupha wa pa mbaula

M'chaka cha 1840 Germain Hess, amene ankagwira ntchito ku St Petersburg, anapeza kuti kutentha konse kwa kusandulika sikudalira njira imene kwadzera. Mutsike pa Khwekhwelere kudzera ku Masasa, kapena muzungulire ku Ntcheu, Chingeni ndi Sharpevale, mukafika ku Golomoti mwatsika mamita omwewo. Phindu la lamuloli ndi lakuti pamene pakuvuta kuyeza mwachindunji, munthu amawerengera podzera njira ina.

Chitsanzo chimene mabuku amakonda ndi chomwe chili pa mbaula yathu. Kaboni angathe kupsa kamodzin'kamodzi kukhala kaboni dayokisaidi n'kutulutsa 394. Angathenso kupsa pawiri: choyamba atomu ya kaboni igwirane ndi atomu imodzi yokha ya okosijeni, n'kukhala kaboni monokisaidi, kenako mpweya umenewu upsenso kukhala kaboni dayokisaidi. Gawo loyambalo n'lovuta kuliyeza palokha, pakuti sungauze moto kuti uime pakati. Koma lachiwiri limayezeka, ndipo ndi 283. Tikachotsa 283 pa 394 tipeza 111.

Manambala awiriwa asangothera pamayeso. Makala akamayaka mpweya ukuperewera, ambiri amaima pa gawo loyamba lija. Ndiye kuti pa makilojulu 394 mwalandirapo 111 okha, osakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo 283 otsalawo akuyendayenda m'chipinda ali mumpweya wosapsa. Malawi obiriwira ngati thambo amene mumawaona akuvina pamwamba pa makala a mbaula yokolera bwino ndi kaboni monokisaidi amene akumaliza ulendo wake. Zitseko ndi mawindo zikatsekedwa, mipata n'kutsekedwa ndi nsanza chifukwa cha mphepo ya Julayi, okosijeni amachepa ndipo mpweya wosapsawo umachulukana.

Kaboni monokisaidi alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa. Anthu ambiri amaganiza kuti makala akasiya kufuka utsi ndiye kuti ngozi yatha, pamene makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweyawu. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo ponyamulira okosijeni mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zizindikiro zimene n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo kapena kutopa, ndipo wogona samva chilichonse. Mbaula iyenera kutuluka panja anthu asanagone, ndipo amene wapezeka atafooka m'chipinda chotere atulutsidwe kumphepo msanga n'kupita naye kuchipatala.

## Kumene kutentha kumathawira

Tibwerere ku magalamu 12 aja. Kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100, chifukwa mpweya wopanikiza ndi wopepukirapo, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa nyemba zimachedwerako kupsa kusiyana ndi kunyanja. Kutenthetsa lita imodzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 95 kumafuna makilojulu pafupifupi 314. Papepala, ndiye kuti kakhala kamodzi kakang'ono kangawiritse lita yathunthu. Mayi aliyense wophika angaseke atamva zimenezi, ndipo akhoza kuseka ndithu. Pa mafuwa atatu, kutentha kofika m'chakudya nthawi zambiri sikupitirira kwenikweni gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 7. Kwina konse kumapita ndi mphepo, kumalowa m'dothi ndi m'mafuwa, kapena kumathawa ndi utsi wosapsa. Chitetezo mbaula siwonjezera mphamvu m'nkhuni, pakuti ΔH ya nkhunizo siisintha. Imangotchinga mphepo n'kulozetsa moto pansi pa mphika.

Wakuba wamkulu ndi nthunzi. Kusandutsa lita imodzi ya madzi owira kale kukhala nthunzi kumameza makilojulu pafupifupi 2,260, kuposa kasanu ndi kawiri zimene zinafunika kuti madziwo afike powira. Madzi akangoyamba kuwira madigiri ake sakweranso, kaya musonkhezere bwanji. Moto wowonjezerawo umangopanga nthunzi yambiri. Mphika wa nyemba wovundikira, wongobwata pang'onopang'ono, umapsa pa madigiri omwewo ndi wosavundikira wogaduka pa chimoto.

Nkhuni zaziwisi zimagwa m'mbuna yomweyi. Mtengo wongodula kumene ungakhale ndi madzi okwana theka la kulemera kwake, ndipo madzi onsewo ayenera kuphwetsedwa ndi moto womwewo umene ukanaphika. Motowo umakhala wozizirirapo, zinthu sizipsa mpaka kumapeto, utsi n'kuchuluka. Kumeza kutentha kwa nthunziku kuli ndi ubwino wakenso: thukuta likamauma limatiziziritsa, ndipo madzi a mumtsuko amakhala ozizira chifukwa ena amatulukira m'timaboo ta dongo n'kuuma kunja.

Pa mkangano wa makala ndi nkhuni, enthalpy imapatsa mbali iliyonse mfundo yake. Kilogalamu imodzi ya makala abwino imatulutsa makilojulu pafupifupi 29,000, pamene ya nkhuni zouma imatulutsa pafupifupi 16,000. N'chifukwa chake wa njinga wopita kutauni amasankha makala: katundu yemweyo, mphamvu pafupifupi kuwirikiza, utsi wochepa m'khitchini. Koma kuti uvuni wokwirira ndi dothi utulutse kilogalamu imodziyo, umadya makilogalamu 5 mpaka 10 a mitengo. Ngakhale titatenga 6, ndiye kuti makilojulu 96,000 alowa mu uvuni ndipo 29,000 okha ndiwo atuluka m'thumba. Otsalawo anapsera kuthengo. Gasi wa m'masilinda amapereka pafupifupi 46,000 pa kilogalamu, ngakhale kuti funso la amene angakwanitse kumugula si la kemisitiri.

## Zokwera mtunda

Mphamvu ya m'nkhuni ndi mu nsima inachita kukwezedwa pamtunda ndi dzuwa. Tsamba la chimanga kapena la mbatatesi ya ku Tsangano limatenga kaboni dayokisaidi ndi madzi n'kupanga shuga, ndipo magalamu 180 aliwonse a shugayo amameza makilojulu pafupifupi 2,800 a kuwala. Thupi likamagwiritsa ntchito shugayo limatsika mtunda womwewo n'kulandira 2,800 yemweyo. Makalori olembedwa pa mapaketi a zakudya ndi nkhani yomweyi: kilokalori imodzi ndi makilojulu 4.18. Galamu ya sitachi imapereka makilojulu pafupifupi 17 ndipo ya mafuta 37. Mulu wa manyowa ukamafunda m'kati, ndi tizilombo tosaoneka timene tikutsitsa zinyalala pamtunda womwewu.

Owotcha laimu ku Balaka amadziwa kukwera mtunda ndi manja awo. Mwala wa laimu wolemera magalamu 100 umafuna makilojulu 178, pa moto wa madigiri pafupifupi 900, kuti utaye magalamu 44 a kaboni dayokisaidi n'kutsala magalamu 56 a laimu wowotcha. Moto ukangochepa, ntchito imaima, chifukwa kusandulika kumeneku sikudzipitiriza kokha monga amachitira makala. Laimu wowotchayo akathiridwa madzi amatsikako mtunda n'kubweza makilojulu pafupifupi 65, okwanira kubwatitsa madziwo ndi kuwotcha khungu la wosasamala. Kupanga simenti kumayambira pa mwala womwewu, koma uvuni wake umafika madigiri pafupifupi 1,450, n'chifukwa chake mtengo wa malasha ndi magetsi umaoneka pa thumba lililonse.

Nkhani ya feteleza ndi yodabwitsako. Feteleza wa Urea amapangidwa kuchokera ku amoniya, ndipo amoniya amapangidwa polumikiza naitirojeni wa mumpweya ndi haidirojeni, njira imene Fritz Haber anaionetsa mu 1909 ndipo Carl Bosch anaimangira fakitale ku Oppau m'dziko la Germany mu 1913. Kulumikizako n'kotsetsereka, kumatulutsa makilojulu 92 pa mole imodzi ya mpweya wa naitirojeni. Komabe mafakitale amenewa ali m'gulu la odya mphamvu kwambiri padziko lonse. Chifukwa choyamba ndi chitunda: bondi ya maatomu awiri a naitirojeni imafuna makilojulu pafupifupi 945 pa mole kuti imasuke, choncho pamafunika madigiri oposa 400, kupanikiza koopsa ndi catalyst ya chitsulo. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, ndi haidirojeni. Nthawi zambiri amachita kumuchotsa mu gasi wa pansi pa nthaka pomusakaniza ndi nthunzi, ndipo gawo limenelo ndi lokwera mtunda, lomeza makilojulu 206 pa magalamu 16 aliwonse a methane. Gasi ndiye chipangizo, gasi ndiyenso nkhuni zake. Pamene mtengo wa gasi unakwera pamsika wa dziko lonse mu 2021 ndi 2022, mlimi wa ku Bembeke ndi ku Lizulu anazimva pogula thumba, ngakhale kuti kugwa kwa kwacha ndi mtengo wa mayendedwe zinaikaponso dzanja.

## Pamene enthalpy imalekezera

Munthu akamva zonsezi angaganize kuti zinthu zimangosandulika zokha ngati zikutsetsereka basi. Akatswiri awiri otchuka a m'zaka za m'ma 1800, Julius Thomsen wa ku Denmark ndi Marcellin Berthelot wa ku France, ankaganiza chomwecho. Thumba la Urea likhoza kuwatsutsa. Thirani Urea wodzaza dzanja m'kapu ya madzi n'kutakasa: amasungunuka yekha popanda womukakamiza, koma kapuyo imazizira, pakuti magalamu 60 aliwonse amameza makilojulu pafupifupi 15 kuchokera m'madzimo.

Chimene chikukoka apa ndi china, chotchedwa entropy, mlingo wa kumwazikana kwa tizidutswa ndi mphamvu. Urea womwazikana m'madzi ali ndi njira zambirimbiri zokhalira kuposa wounjikana m'kambulu kamodzi, ndipo kumwazikanako kukakula kumatha kukweza chinthu pamtunda waung'ono. J. Willard Gibbs wa ku yunivesite ya Yale ndiye anaphatikiza ziwirizi m'zaka za m'ma 1870, n'kuonetsa kuti madigiri akamakwera, mbali ya entropy imalemera. N'chifukwa chake mwala wa laimu umakhala phee m'phiri zaka zosawerengeka, koma mu uvuni wa madigiri 900 umalola kutaya mpweya wake.

Enthalpy siinenanso za liwiro. Chitsulo chikamachita dzimbiri chimagwirana ndi okosijeni ndipo chimatulutsa kutentha kwambiri ndithu, makilojulu oposa 7 pa galamu iliyonse. Khasu losiyidwa panja kapena lata la padenga limatulutsa kutentha konseko m'zaka zambiri, moti palibe dzanja lingakumve. Chitsulo chomwecho chikakhala timawaya topyapyala ngati totsukira mapoto, mpweya n'kumafika paliponse, chimatha kugwira moto n'kutulutsa makilojulu ofanana nawo m'masekondi ochepa.